Mawondo a Bambo Anga pa Mzere Wachitatu

Kwa Bwana Mkulu,
Bwalo la Magalimoto Akale la Kwerani Nonse,
Kuseri kwa malo omwetsera mafuta, pamene pali timbendera tothothoka paja.

Wolemekezeka Bwana,

Ndayamba ndagwada kaye, monga ayenera kuchitira munthu wamng'ono polankhula ndi munthu wa ofesi ya makatani. Ine ndine telala wamkazi uja wa pakhonde la sitolo ya zitsulo, amene ndinabwera pabwalo panu miyezi itatu yapitayo, tepi yoyezera ili m'khosi, kabuku kali m'manja. Simungandikumbuke chifukwa sitinaonanepo. Ndabwera kanayi kudzakuonani, ndipo kanayi konseko mlembi wanu wandiuza kuti muli pamsonkhano. Pepani kwambiri kuti misonkhano yakuchulukirani chonchi. Poona kuti pakhomo sindingakupezeni, ndaganiza zokulemberani poyera, kuti mwina mmodzi mwa anzanu a pamsonkhanopo akuwerengereni kalatayi nthawi ya tiyi.

Musaope, sindinabwere ndi mkangano. Ndabwera kudzathokoza chifukwa cha galimoto imene munandigulitsa, ndipo mathokozo anga ndawaika m'manambala kuti ndisakutayireni nthawi. Koma mundilole ndiyambe ndafotokoza chimene chinandifikitsa pabwalo panu.

Pakhomo pathu tilipo asanu ndi mmodzi: ine, amuna anga, ana athu atatu aakazi (woyamba ndi mapasa omutsatira), ndi bambo anga ondibereka. Bambowa anabwera kudzakhala nafe mayi atamwalira. Anagwira ntchito ya ukondakitala pa basi zaka makumi atatu, ndipo ndi aatali zedi, moti khomo lililonse la m'nyumba mwathu amalowa atawerama. Galimoto yathu yakale inali ya anthu asanu. Ulendo uliwonse, tisanayambe n'komwe kuwerengana, tinkawapeza atakhala kale pampando wawo wa pakhonde, nyuzipepala ili m'manja, amvekere: "Pitani, ana anga, ine ndisunga nyumba." Zaka zitatu akusunga nyumba, Bwana, nyumba yoti ili ndi loko, geti ndi galu. Tikamatuluka ndinkawaona pagalasi akutikupizira nyuzipepala, ndipo mtima unkandiwawa ulendo wonse.

Kuwonjezera apo, bambo atsala ndi mlongo wawo mmodzi yekha, azakhali anga, amene amakhala kuseri kwa mapiri, ulendo wa maola asanu. Msewu wake ndi uja basi inautaya kalekale. Awiriwa sanaonane zaka zisanu ndi chimodzi. Amalankhulana pafoni mokuwa, ndipo theka la macheza awo limathera pofunsana ngati akumvana. Choncho ndinkafuna galimoto yamsinkhu, yokoka ndi matayala onse anayi, yosaopa matope ndi miyala, komanso yokhala ndi mzere wachitatu wa mipando kumbuyo. Ndinasoka mayunifolomu mpaka maso kuchita chidima, tinagulitsa galimoto yakale ija, kenako tsiku lina ndinakaima pakhonde n'kunena mawu amene lero akundidya: "Ababa, ndikukagula galimoto ya mpando wanuwanu." Anangodzuka n'kukapukuta nsapato zawo.

Ine ndine telala, sindigula chinthu ndisanayeze. Lamlungu masana ndinandandalika banja lonse m'chipinda chochezera n'kuliyeza mmodzimmodzi: mapewa, chiuno, thako, msinkhu. Amuna anga anakoka mimba, ndinawauza kuti aibweze. Zonse ndinalemba m'kabuku kanga, n'kubwera nako kwa inu. Tsopano nawa mathokozo anga.

1. Ndikuthokozani chifukwa cha wogulitsa wanu wa tayi yofiira.

Bambo ameneyu musamutaye, Bwana, ali ndi pakamwa potsekemera. Anandilandira ngati ndine mlamu wake, anandipukutira mpando ndi tayi yomweyo, n'kundionetsa magalimoto atatu. Yoyamba inali ndi mipando yakumbuyo yoyang'anizana, moti anthu awiri okhala kumeneko ayenera kugundana mphuno ulendo wonse. Iye anati imeneyo ndi yolimbikitsa chikondi pabanja. Yachiwiri titangoitsegula munatuluka fungo la nsomba lomwe linagwetsa ntchentche, iye n'kumati fungolo limatha lokha galimoto ikazolowera mwini watsopano. Yachitatu ndiyo yoyera, yaitali, ya tayala pachitseko chakumbuyo, imene kwathu tsopano timaitcha Chiphona.

Anaimenya pabonati monyadira, galasi la m'mbali n'kugwa. Analiwakha lisanafike pansi, osaphethira n'komwe, n'kundifotokozera kuti limachita kuchoka dala kuti usiku uzikagona nalo m'nyumba, kuopa akuba. Kenako anatsegula kumbuyo, anadumphira pa mzere wachitatu, anapingasa miyendo, anaika manja kunkhongo, n'kunena kuti iye masana akatopa amagona momwemo. Ine ndinayeza mpandowo m'lifupi ndi tepi, ndinayang'ana m'kabuku, ndinaona kuti bambo akwanapo n'kutsalako malo a chipewa. Mtima unakhala pansi. Ndakumbukira mochedwa kuti wogulitsa wanuyo akaima mutu wake umalekeza paphewa langa, ndipo ine sindine wamtali. Munthu ameneyo nditamusokera buluku ndi mita imodzi, nsalu ingatsaleko ya mpango ndi tayi ina.

2. Ndikuthokozani pondidziwitsa za mwini wake woyamba wa galimotoyi.

Wa tayi yofiira anandiuza kuti Chiphona chinali cha gogo mmodzi wamkazi, wamasiye, wofatsa, amene ankangopita nacho kutchalitchi Lamlungu n'kubwerera. Anandionetsa manambala a padeshibodi, ndipo analidi ochepa ngati a galimoto yongoyamba kumene moyo. Gogo ameneyo ndikufuna mudzandiperekere moni, chifukwa ndi munthu wodabwitsa. Chopondera cha makina anga osokera ndachiponda zaka makumi awiri, m'mawa mpaka madzulo, koma sichinasalale ngati zopondera za galimoto yake. Gogoyu ayenera kuti ankapemphera kutali.

Titafika nayo kunyumba, mapasa anakwawira pansi pa mipando kukasesa. Anatulutsamo mabuku atatu a matikiti, wezulo wa chingwe, nthenga za nkhuku zodzaza chitini, nsapato imodzi ya khanda, ndi kachikwangwani kolembedwa kuti OSALAVULA PAWINDO. Bambo anga anaizungulira galimotoyo pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo. Anasisita denga pamwamba pa chitseko, pamene pali pobonyoka mofanana ndi chikhatho cha munthu. Kenako anamenyapo kawiri, pha! pha! ndipo amuna anga amene anali pachiwongolero analumbira kuti galimotoyo inasuntha yokha. Bambo anaseka mpaka misozi. "Iyi yagwirapo ntchito, mwana wanga," anatero. "Iyi ndi mnzanga." Choncho zikomo, Bwana, ndinabwera kudzagula galimoto koma munandipatsa wopuma pantchito wachiwiri pakhomo.

3. Ndikuthokozani chifukwa cha kagiya kakang'ono kaja.

Pambali pa giya yaikulu pali kagiya kena kafupi, kamene wogulitsa wanu anakasisita mwaulemu n'kunena kuti ukangokakoka, matayala onse anayi amadzuka ndipo galimoto imatha kukwera ngakhale khoma. Loweruka lina mvula itagwa tinati tikayese pa msewu wa kumunda kwa mnzawo wa amuna anga. Tinapeza matope abwino ndithu, tinalowamo mwadala, ana akuimba. Chiphona chinatitimira mpaka m'mimba. Amuna anga anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, anapinda malaya, anati, "Tsopano onani," n'kukoka kagiya kaja. Kanazuka konse n'kutsalira m'manja mwawo, kunsi kwake kuli chingamu.

Anatikoka ndi kagalimoto konyamula buledi, Bwana, kaja kamatayala ngati mabatani a jekete. Dalaivala wake sanatiseke pamaso, anadikira kaye kuti apotoloke. Makaniko wathu atalowa pansi pa Chiphona tinamva kuseka, kenako tinamva mutu ukugunda chitsulo. Anatuluka akudzisisita pachipumi n'kutiuza kuti chitsulo chopereka mphamvu ku matayala akutsogolo kulibe, ndipo pamalo pake akangaude anamangapo kalekale. Ine ndikumvetsa: munachichotsa kuti galimoto ipepuke. Makaniko wapeza china chakale n'kuikapo, moti tsopano Chiphona chimakweradi mtunda. Pa nkhani imeneyi ndakukhululukirani, ngakhale amuna anga akadasungabe kagiya kakale kaja pamwamba pa firiji, ndipo amakayang'ana akamamwa madzi.

4. Ndikuthokozani chifukwa cha mpando weniweniwo, ndipo pano ndivomere kulakwa kwanga.

Kuti musanene kuti telala uja amangoloza ena chala, nali tchimo langa. Ife atelala timayeza munthu ataimirira. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuuza anthu kuti imani bwino, wongokani, tambasulani manja. Sindinayezepo munthu atakhala pansi. Banja langa lonse ndinaliyeza lili chilili ngati likupita ku ukwati, osaganiza kuti munthu akakhala amapindika, ndipo chopindikacho chimafuna kolowera. M'kabuku kanga muli mapewa a bambo, muli chiuno chawo, muli ngakhale khosi. Mawondo mulibe.

Tsiku loyamba bambo anavala jekete ndi nsapato zopukuta zija, n'kupita kukakhala pampando wawo. M'lifupi anakwanadi, tepi yanga sinaname. Koma mpando wanuwo, Bwana, watalikirana ndi pansi zala zinayi zokha, ndipo kutsogolo kwake kuli msana wa mpando wapakati. Miyendo ya bambo inafunafuna kolowera, inasowa, n'kuganiza zokwera m'mwamba. Mawondo anadutsa chifuwa, anadutsa chibwano, n'kukaima pambali pa makutu. Nditatembenuka ndinaona mawondo awiri, pakati pake pali nkhope ya bambo anga ikumwetulira. "Mpando wabwino zedi," anatero. Mawu anatuluka opyapyala chifukwa mimba inali itapanikizika.

Chipewa sichikwana pamutu chifukwa denga lili pomwepo, ndiye amachivula n'kuchiveka bondo lakumanja. Tsiku lina wapolisi wa pamsewu anatiimitsa, anasuzumira kumbuyo, n'kupereka moni waulemu kwa bondolo. Bambo anayankha kuchokera m'munsi, wapolisi n'kudumpha. Anatiuza kuti tizipita osationa n'komwe mapepala.

Zina ndi zazing'ono, sindikufuna kukutopetsani nazo. Mphepo yozizira imathera pa mzere wachiwiri. Windo la kumbuyoko ndi lojambula chabe, silitseguka. Sipika yokhayo imene imagwira ntchito m'galimoto monse ili pakhutu lawo lakumanzere, moti nyimbo ife timazimvera kudzera mwa bambo. Tikadutsa pa bampu, ife kutsogolo timangogwedezeka pang'ono, koma kumbuyo kumamveka gu! kenako mawu aulemu akuti, "Palibe kanthu, pitirizani." Ndipo mpandowo ukatambasulidwa, malo a katundu amene amatsala amakwana ambulera imodzi, nayonso ikhale yopinda.

5. Ndikuthokozani chifukwa cha khomo lolowera.

Wogulitsa wanu anandionetsa kachitsulo kamene ukakakoka mpando wapakati umagwada kuti wopita kumbuyo adutse. Kanagwira ntchito kamodzi kokha, tsiku limenelo, pamaso pake. Chichokereni pabwalo panu mpandowo unakana kugwadiranso munthu. Choncho bambo anga, munthu amene zaka makumi atatu ankaima pakhomo la basi kulowetsa anthu mwaulemu, amalowera kuchitseko cha katundu. Amayamba ndi mutu, kenako amadzipinda, kenako mwana wanga woyamba amawapatsira miyendo yawo umodziumodzi.

Kutuluka ndiye ntchito ya banja lonse. Amuna anga amawagwira m'khwapa n'kukoka, mapasa amagawana miyendo, wina wakumanja wina wakumanzere, n'kuiwongola pang'onopang'ono mpaka imveke thee. Ine ndimagwira chitseko, chifukwa tayala lija limachilemera ndipo chimakonda kubwerera chokha. Pa geti la sukulu ya ana anthu anazolowera, amachita kutidikira. Mayi wina wogulitsa nthochi anasamutsira malonda ake pafupi ndi pamene timaima, akuti pamakhala anthu ambiri.

Chitseko chimenecho chimatseguka ndi kunja kokha. Izi wa tayi yofiira anaiwala kundiuza, kapena anaona kuti ndizitulukira ndekha. Ndinazitulukiradi. Loweruka lina tinapita kumsika, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinatsika n'kuthamangira kogula ulusi, ndikuyesa kuti amuna anga awatsegulira. Amuna anga anapita kokaona mabatire, akuyesa kuti ana awatsegulira. Ana anaona ayisikilimu. Patatha pafupifupi ola tinakumana tonse pa mzere wa tomato, tinawerengana, tinapezeka asanu. Bwana, sindinathamangepo chonchija chibadwire.

Tinawapeza ali momwemo, malaya ali chonyowa ndi thukuta, chipewa chili pabondo, akuwerenga kachikwangwani kena komatidwa pagalasi. Sanagogode, sanakuwe, sanaitane ngakhale munthu wodutsa. Nditatsegula, ndisanapepese n'komwe, anandidula: "Usadandaule, mwana wanga, ndimasunga galimoto." Apa sindiseka, Bwana. Ndinazungulira kuseri kwa tayala lanu lija n'kulira ngati mwana, chifukwa ndinaona kuti ndawachotsa pakhonde pamene panali mphepo ndi nyuzipepala n'kukawatsekera m'bokosi, iwo n'kumandithokozabe.

Tsopano ndikudziwa chimene mukuganiza, chifukwa munthu wa misonkhano yambiri saganiza mochedwa. Mukuti: mayi iwe, bwanji osaika mapasa kumbuyoko, nkhalamba n'kukhala kutsogolo? Mwaganiza bwino, ndipo aliyense amene ndamufotokozera nkhaniyi waganiza chomwecho. Mapasa amaulirira mpandowo tsiku ndi tsiku, kwa iwo ndi nyumba yamasewera. Amuna anga anawapempha bambo mwaulemu wonse kuti akhale nawo kutsogolo azicheza. Ine ndinanama kuti ndikakhala kutsogolo ndimachita nseru. Mwana woyamba ananama kuti akufuna kumawerenga kumbuyo kopanda phokoso. Tonse tinagwa nayo.

Bambo anatikhazika pansi n'kutiuza mofatsa, koma motsimikiza ngati akulengeza siteji yomaliza. "Ine sindinabwere pakhomo pano kudzachotsa munthu pampando pake. Kutsogolo n'kwa mayi wa nyumba. Pakati n'pa ana. Kumbuyoko ndiye kunalibe mwini, ndipo mwana wanga anandigulira ine." Atatero anatenga kansalu n'kupita kukaupukuta mpandowo. Amaupukuta m'mawa uliwonse, ngakhale tsiku lopanda ulendo. Anzawo a pabenchi ya kometera onse anabwera nawo kudzauona, mmodzimmodzi, n'kumawauza kuti m'galimoto monse mpando wogulidwa ndi dzina la munthu ndi umenewu wokha.

Ndiye mwaona pamene munandifikitsa, Bwana. Kwa inu ndi kampando kokopera makasitomala. Kwa bambo anga ndi malo okhawo padziko pano amene amakhala osadziona ngati akupanikiza wina. Koma bondo lawo lakumanzere latupa, ndipo akamatsika masitepe amagwira khoma akaona kuti palibe akuwayang'ana. Adokotala anandikokera pambali n'kundiuza kuti mwendo umenewo usapindidwe kupitirira theka la ola. Ulendo wa kwa azakhali ndi Loweruka likubwerali, maola asanu a mabampu ndi miyala. Azakhali anauzidwa kale, ayanika matiresi, ndipo akuimba foni tsiku lililonse kufunsa ngati achimwene awo akadali aatali.

Ndikawasiya bambo kumbuyoko, tikafika kwa mlongo wawo tikawatsitsa monyamula, ndipo mwina sadzayendanso bwino. Ndikawauza zoona, kuti mpando umene ndinawagulira ukuwapweteka ndipo tonse tikuona, sadzakangana nane. Adzamwetulira, adzatenga nyuzipepala, n'kukakhala pakhonde, ndipo sadzakweranso galimoto ya munthu mpaka kalekale. Ndimawadziwa bambo anga. Zonse ziwirizi ndikuziopa, ndipo ulusi ukumandiduka pamakina chifukwa maganizo ali kwina.

Ndinabwera kudzafotokoza zimenezi pabwalo panu. Wa tayi yofiira anandimvetsera mwachifundo, mutu ataupendeketsa, kenako anandionetsa mawu aang'onoang'ono kunsi kwa pepala akuti galimoto imagulidwa monga yaonedwera. Anandikumbutsanso kuti ndinayeza ndekha ndi tepi yanga. Sananame, ndipo ndikukhulupirira kuti tsiku limenelo anakagona msanga chifukwa cha kutopa ndi kunena zoona.

Choncho nali pempho langa, Bwana, ndipo ndi laling'ono. Sindikufuna kubweza galimoto, tinazolowerana nayo. Sindikufuna kalata yopepesa, ndikudziwa kuti makina anu olembera alibe zilembo zake. Ndaganiza masiku ambiri kuti ndani padziko pano amene bambo anga angamusunthire pampando popanda kumva kuti achotsedwa. Ndamupeza mmodzi. Munthu amene wagwira ntchito pa basi moyo wake wonse sakangana ndi insipekitala. Insipekitala akakwera, kondakitala amamupatsa malo amene wapempha, ndipo amachita zimenezo monyadira.

Ndikukupemphani, mwaulemu wonse, kuti Loweruka m'mawa mufike pakhomo pathu nokha, osatuma wa tayi yofiira. Muvale jekete, munyamule fayilo, mubaye cholembera pathumba. Mukawapeze bambo anga n'kuwauza kuti lamulo la kampani yanu limati galimoto ikatha miyezi itatu, Bwana Mkulu ayenera kuuyesa yekha mzere wachitatu pa ulendo wautali. Muwauzenso kuti pa msewu wa m'mapiri pamafunika munthu wodziwa ntchito akhale pambali pa dalaivala kumamuuza za makona, ndipo mwamva kuti m'dera lonse lino palibe wowaposa. Mukanena ndi nkhope yowuma, adzavala chipewa pamutu, adzakhala kutsogolo, adzawongola mwendo wawo, ndipo amuna anga adzamva malangizo maola asanu osapuma. Zimenezo musadandaule nazo, avomera kale.

Ndikudziwa kuti ndikukupemphani kunama. Munthu wina ndikanachita naye manyazi, koma pabwalo panu ndaona kuti imeneyi ndi ntchito ya manja anu, ndipo mumaigwira mwaluso. Mabodza onse amene munandipatsa ndinawalandira ndi manja awiri n'kupita nawo kwathu. Ndikungopempha limodzi lowonjezera, loti nalonso lithandizeko munthu.

Mipando ilipo isanu ndi iwiri, monga munalembera pagalasi, ndiye malo anu alipo. Mudzakhala ndi mmodzi wa mapasa, uja amasanza m'makona, koma ndi mwana waulemu, amachenjeza kaye nthawi zina. Mlonda wa pageti panu wandiuza kuti ndinu wamtali kuposa bambo anga, ndipo ndasangalala kumva kuti Mulungu anakudalitsani chotero. Chikwama musatenge, malo ake palibe. Madzi musamwe ambiri.

Chinthu chimodzi chokha ndikuchondererani, Bwana, ndipo apa ndagwadanso. Ulendo wonsewo, kupita ndi kubwera, musabuule. Mwendo ukachita dzanzi, lumani fayilo. Mutu ukagunda denga, tsokomolani. Chifukwa bambo anga akangomva kuti mlendo akuvutika kumbuyo, adzaimitsa galimoto pakati pa phiri, adzatsika ndi bondo lawo lotupalo, n'kukupatsani malo awo akukupepesani. Munthu amene munamugulitsa mpando umenewu ndi wotero.

Ndine wanu wogwada mpaka mawondo kuwawa, ngakhale osafika pa a bambo anga,

Telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo,
mwini wake wa Chiphona.